Musanagule puloti mu Blantyre: poyambira pa nyumba za lendi

Mukamadutsa ku Machinjiri, ku Chigumula kapena cha ku Mpemba, muziyang'ana nyumba zimene zinaima pa lintala. Makoma anada ndi mvula, m'kati munamera udzu, pena mpaka mtengo wa papaya ukubereka pabalaza. Eni ake si aulesi ayi. Ambiri ndi aphunzitsi, anamwino, oyendetsa mathiraki, ena ali ku South Africa, ndipo onsewo ankafuna kuti tsiku lina azidzadya za lendi. Ena anayamba chinthu choposa thumba lawo, ena anamanga pamalo amene pambuyo pake panabuka mlandu. Malangizo otsatirawa agona pa zinthu ziwirizo: mapepala a malo akhale oona, ndipo chimene mwayamba chikhale choti mungathe kuchimaliza n'kulowetsamo munthu wolipira.

Yambani ndi cholembera

Funso loti puloti yotchipa ili kuti libwere pambuyo. Loyamba ndi ili: muli ndi ndalama zingati, zikuchokera kuti, ndipo zikalowa m'nyumba zidzabwerera liti?

Tiyerekeze kuti puloti, mapepala, kumanga, madzi ndi magetsi zakudyerani K40 miliyoni, ndipo mwatulutsa tinyumba tinayi ta K100,000 pamwezi kalikonse. Papepala ndi K4.8 miliyoni pachaka. Koma chaka cha landilodi sichikwana miyezi 12. Uyu wasamuka ndipo nyumba yakhala mwezi wathunthu yopanda munthu, uyo ntchito yamuthera, winayo wagwa m'maliro kumudzi ndipo akupempha kuti mumumvetse. Werengerani miyezi 10 basi, yomwe ndi K4 miliyoni. Chotsanipo za penti, maloko, mipope yodontha, kupopa sepitiki ndi misonkho, tinene K600,000. Mwatsala ndi K3.4 miliyoni, yomwe ndi 8.5 peresenti ya zimene munalowetsa. Kuti ndalama zanu zonse zibwerere papita zaka pafupifupi 12.

Tsopano ikani pambali pake chiwongoladzanja cha kubanki. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika policy rate, chiwongoladzanja chimene mabanki amatengerapo poika chawo, pa 26 peresenti, ndipo ngongole za m'mabanki zinali chamomwemo kapena kuposa. Ngongole ya K40 miliyoni pa 25 peresenti ikufuna K10 miliyoni pachaka ya chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Lendi ya K3.4 miliyoni singafike n'komwe. N'chifukwa chake ine sindilimbikitsa woyamba kumene kuti amange nyumba ya lendi yonse ndi ngongole ya kubanki. Ngongole ili ndi malo ake: kumalizitsira nyumba imene yafika kale padenga, pamene mukudziwa kuti pakatha miyezi iwiri kapena itatu mulowa munthu, ndipo malipiro anu apamwezi angathe kubweza ngongoleyo paokha. Banki mkhonde ndi chipereganyu zimathandiza kugulira mafelemu a zitseko kapena malata. SACCO ya kuntchito nthawi zambiri imakhala yofewerapo kuposa banki. Za katapila musaziyandikire.

Mwina mukufunsa kuti nanga anthu amalimbikiranji kumanga ngati phindu lake ndi lomweli. Yankho lili pa kwacha. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anali ndi ndalama mu akaunti anadzuka ikugula simenti wochepa kuposa dzulo lake. Amene anali ndi nyumba anadzuka nyumba yake ili chiimire, mtengo wake ukukwera limodzi ndi mtengo wa zomangira, ndipo lendi amatha kuikweza chaka ndi chaka. Nyumba imasunga chuma, n'kumakupatsani kangachepe mwezi ndi mwezi. Yolemeretsa msanga si imeneyi. Ndalama ya fizi ya chaka chamawa kapena mpamba wa geni imene ikukudyetsani musaikwirire m'maziko, chifukwa nyumba saigulitsa tsiku limodzi.

Ngati zimene muli nazo sizikufika pa mtengo wa puloti, musakhale manja lende. Pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, womwe uli mu Blantyre momwe muno, pali makampani awiri a nyumba: MPICO, yomwe inalowa pamsikawu mu 2007, ndi ICON Properties, yomwe inalowa mu 2019 ndipo mwa nyumba zake muli Chichiri Shopping Centre. Mumatsegula akaunti kwa stockbroker (wokugulirani ndi kukugulitsirani masheya) wovomerezeka n'kumagula masheya pang'onopang'ono. Mtengo wa masheya umakwera n'kutsika, ndipo dividend, gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya, si ya lonjezo, koma simulimbana ndi mmisiri kapena munthu wa lendi, komanso mutha kugulitsa mukapeza puloti.

Sankhani munthu amene adzakulipirani

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'nyumba za eni. Ofuna nyumba alipo, koma safuna nyumba imodzimodzi. Wophunzira wa ku yunivesite ya MUBAS kapena KUHeS amafuna chipinda choti azitha kuyenda wapansi popita kukalasi, ndiye maso ake ali ku Chitawira, Naperi, Mandala ndi madera oyandikira Ginnery Corner. Namwino wa kuchipatala cha Gulupu amene amaweruka usiku amafuna nyumba ya mpanda, pafupi ndi siteji. Wogwira ntchito m'mafakitale a ku Makata, Chirimba kapena Maone amasaka chipinda cha mdadada ku Ndirande, Mbayani, Chirimba kapena Kachere. Wamalonda wa mu Limbe amayang'ana ku Bangwe ndi Namiyango. Banja latsopano limafuna zipinda ziwiri zogona, chimbudzi cha m'nyumba, ku Chilomoni, Machinjiri, Chimwankhunda kapena Kameza. Za ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside tizisiye kaye, si poyambira.

Chimene chimapha lendi mu Blantyre ndi thiransipoti. Munthu amaphatikiza lendi ndi ndalama ya minibasi n'kuona ngati malipiro ake akwana. Nyumba yoti ukatsika minibasi ukwerenso kabaza, ndipo nthawi ya dzinja kabazayo akukana kufikako, imapeza munthu mochedwa ngakhale ikongole bwanji.

Mitengo ya lendi musaimvere kwa wogulitsa puloti, chifukwa iye amatchula yokoma. Tengani Loweruka limodzi, yendani m'dera mukulifunalo ngati munthu wosaka nyumba. Funsani pa okala, pa saluni, kwa anyamata a kabaza. Mukapeza nyumba yopanda munthu, funsani kuti yakhala choncho kuyambira liti. Ngati nyumba za zipinda zinayi zikutha miyezi zili pululu pamene za chipinda chimodzi zikulowedwa penti asanaume, mwadziwa choti mumange. Maganizo anga ndi oti tinyumba tiwiri kapena titatu ta selefu pa puloti imodzi timaposa chinyumba chimodzi chachikulu. Mmodzi akalephera kulipira, enawo amakugwirani dzanja, komanso mutha kumanga kamodzikamodzi.

Malowo ndi a ndani?

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama, ndiye tikhalitsapo.

Mumzinda wa Blantyre malo ali m'manja osiyanasiyana. Ena ndi a boma pansi pa Unduna wa za Malo, ena ndi a khonsolo ya mzinda, ena a Malawi Housing Corporation, ndipo ena ndi a anthu kapena makampani amene ali ndi title deed, chikalata cha umwini wa malo. Malo ambiri okhalamo anthu amaperekedwa pa lizi, kawirikawiri ya zaka 99, ndipo mwini lizi amalipira ground rent, lendi ya nthakayo, chaka ndi chaka. Funso loyamba kwa wogulitsa likhale loti malowa ali pansi pa ofesi iti. Akayankha, pitani ku ofesiyo nokha, osati motsogozedwa ndi iye kapena dobadoba wake.

Ngati malowo ali ndi title deed, tengani nambala yake mukapange sechi ku Land Registry. Mumalipira kandalama kochepa, ndipo chikalata chimene amakupatsani chimaonetsa dzina la mwini wake, kukula kwa malo, zaka za lizi zimene zatsala, ngati malowo anaikidwa chikole kubanki, komanso ngati pali wina anaikapo chiletso choti asagulitsidwe. Dzina la pa sechi lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha munthu amene waima pamaso panu. Akayamba zoti "ndi a achimwene anga, anandisiyira kuti ndigulitse", funani kalata ya loya yomupatsa mphamvu zogulitsa, ndipo achimwenewo mulankhule nawo nokha. Fotokope ya title deed si umboni wa chilichonse. Pamafotokope pomwepa ndi pamene puloti imodzi imagulitsidwira anthu atatu.

Ngati ndi puloti ya khonsolo kapena ya Malawi Housing Corporation, kaoneni failo yake. Muone ngati dzina lili m'kaundula ndi la wogulitsayo, ngati pali ngongole ya ground rent kapena ma city rates (msonkho wa malo wa kukhonsolo), ndiponso ngati ofesiyo ikulola kuti umwini usinthe. Malizi ambiri amakhala ndi lamulo loti munthu amange m'nthawi yoikika, ndipo puloti imene yangokhala zaka zambiri osamangapo ikhoza kulandidwa. Musagule puloti imene mwini wake analandira kale kalata yomuchenjeza.

Malo a masiye amafuna maso awiri. Mwini wake akamwalira, mwana woyamba kapena mkazi wamasiye sangangodzuka n'kugulitsa. Lamulo la za chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti pakhale munthu amene khoti lamupatsa mphamvu zoyendetsa chumacho, ndipo chikalata chake, letters of administration, muchione ndi maso anu. Ngakhale chikalatacho chilipo, kumanani ndi ana onse amene mungawapeze. Nyumba zotchipa modabwitsa m'malokeshoni akale nthawi zambiri zimakhala za mtundu umenewu: mmodzi akufuna ndalama msanga abale ake asanamve.

Ndiye pali malo a mafumu, amene ambiri oyamba kumene amathamangirako chifukwa mtengo wake ndi wofikirika: cha ku Lunzu kwa T/A Kapeni, cha ku Chileka kwa T/A Kuntaja, cha ku Mpemba kwa T/A Somba. Kuno kwathu malo otere amakhala a mbumba. Amene akulima pamundapo si amene ali ndi mawu otsiriza; pali mwinimbumba, pali alongo, pali adzukulu. Msuweni wanga wina anagula malo kunja kwa mzinda kwa bambo amene anali ndi kalata ya a nyakwawa, chidindo chilipo, mboni zilipo. Atathira maziko kunatulukira malume a banjalo amene anali kunja kwa dziko, n'kunena kuti mlamu wawoyo anali mkamwini chabe pamudzipo. Nkhani inachoka kwa a nyakwawa kupita kwa a gulupu, kenako kukhoti, ndipo maziko aja akadali pomwepo. Malamulo a za malo amene anakhazikitsidwa mu 2016 n'kukonzedwanso mu 2022 anabweretsa makomiti a za malo m'midzi ndi njira yolembetsera malo a makolo, komanso anaika zoletsa zina pa kagulitsidwe kake. Musanapereke khobidi pa malo otere, pitani ku ofesi ya za malo ya kwa DC, muonanenso ndi loya, akuuzeni ngati malowo angathe kulembedwa m'dzina lanu. Dziwaninso kuti m'kati mwa malire a mzinda, kalata ya mfumu kapena block leader si umboni wa umwini pamaso pa lamulo. Anthu ambiri m'madera osakonzedwa amagulitsana choncho ndipo akukhala, inde, koma banki siilandira kalata yoteroyo ngati chikole, ndipo tsiku limene padzadutse msewu mudzavutika kudziteteza.

Maejenti ovomerezeka alipo, olembetsedwa ndipo ali ndi maofesi odziwika. Enawo ndi madobadoba a pa Facebook ndi WhatsApp. Dobadoba atha kukulozerani malo abwino ndithu, koma ntchito yake ithere pa kuloza. Ndalama ya puloti isadutse m'manja mwake.

Kapondeni pamalopo

Mukapite kawiri, ulendo wina muli nokha, ndipo ngati n'kotheka umodzi ukhale wa nthawi ya mvula. Puloti ya mu Okutobala imanamiza. Mu Januwale ndi pamene mumaona kumene madzi amadzera, ngati msewu umadutsika, ngati pansi pamatuluka kasupe.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche, matope ndi miyala n'kutsikira pa nyumba za anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Kuyambira pamenepo palibe amene ayenera kuuzidwa kawiri za kumanga m'mphepete mwa mapiri a Soche, Ndirande ndi Bangwe kapena m'mbali mwa mitsinje monga Mudi, Naperi, Nasolo ndi Likhubula. Puloti ya m'khwawa kapena yokwera m'nkhalango yotetezedwa, isiyeni ngakhale akuchotsereni theka la mtengo. Chimodzimodzi ya pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi ndi ya m'malire a msewu.

Ngakhale pamalo pabwino, Blantyre ndi wa zitunda. Puloti yotsetsereka imadya ndalama zambiri pa maziko ndi pa khoma lotchinga dothi, moti yotchipa ija imatha kudula kuposa ya pathyathyathya. Pansi pakakhala thanthwe, kukumba dzenje la sepitiki kumasanduka ntchito ya masabata. Tengani mmisiri wodziwa akaone, akumbe pang'ono ndi pikisi.

Mabikoni, zizindikiro za malire a puloti, muwaone onse, pangodya iliyonse. Wogulitsa akamangoloza ndi dzanja kuti "kuyambira pa mango apo mpaka pachulu paja", itanani saveya wovomerezeka ayeze n'kuyerekeza ndi mapu a malowo. Ndalama ya saveya ndi yochepa poyerekeza ndi kugwetsa mpanda umene walowa kwa neba.

Mukatero, musiyeni wogulitsa apite, inu mugogode pa nyumba yoyandikana nayo.

"Zikomo mayi, pepani ndakusokonezani. Malo awa apa eni ake ndani?"

"Amenewo ndi a malemu agogo aja. Koma bambo, ana awo sakumvana. Mwezi wathawu kunabweranso abambo ena pagalimoto kudzaloza pomwepo."

Mawu ngati amenewa simungawapeze mu ofesi iliyonse. Safunsa anadya phula. Mayi omwewo akuuzaninso ngati madzi amatuluka tsiku lililonse, ngati akuba amavutitsa, ndi kumene mvula ya chaka chatha inafika.

Kulipira ndi kusintha umwini

Pezani loya wanu, osati wa wogulitsa. Iye alembe mgwirizano wogulitsana wotchula nambala ya puloti, kukula kwake, mtengo, kalipiridwe, ndi chimene chidzachitike umwini ukakanika kusintha. Ngati wogulitsa ali pabanja, mkazi kapena mwamuna wake asaine nawo. Lipirani kudzera kubanki, mu akaunti ya dzina lomwe lili pa mapepala, ndipo lipirani m'magawo: gawo loyamba posaina, lotsiriza mapepala osinthira umwini akasainidwa. Tsiku lopereka gawo lotsirizalo lisanafike, bwerezani sechi ija.

Kusintha umwini kuli ndi ndalama zake zimene ambiri amaziiwala powerengera. Pamafunika chilolezo cha mwini nthaka, kaya ndi unduna, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation. Pamafunika tax clearance (chikalata choonetsa kuti za misonkho zili bwino) ya ku MRA, umboni woti ma city rates ndi ground rent zinalipiridwa, msonkho wa stamp duty umene umatengera mtengo wa malowo, ndalama yolembetsera, ndi ya loya. Gwirizanani poyambirira kuti ngongole zakale za malowo alipira ndani. Zimatenga miyezi, ndipo apa ndi pamene anthu amatopa n'kunena kuti tidzasintha m'tsogolo. Musatero. Wogulitsa akamwalira dzina lake likadali pa mapepala, mudzayambiranso kukambirana ndi ana ake, amene mwina sakukudziwani n'komwe. Umwini ukangosintha, ikani chizindikiro pamalopo: mpanda wa waya, kanyumba ka mlonda, ngakhale kulimapo chimanga. Puloti yooneka yopanda mwini imaitana mavuto.

Kumanga

Jambulitsani pulani ya puloti yonse, yoonetsa tinyumba tonse timene mudzamange ngakhale panopa mukumanga kamodzi, pamodzi ndi pamene padzakhale sepitiki, poimika galimoto ndi poyanika zovala. Pulaniyo ipite kukhonsolo ku Civic Centre ikavomerezedwe musanakumbe. Nyumba yopanda chilolezo khonsolo ili ndi mphamvu zoimitsa kapena kugwetsa, ndipo pogulitsa kapena pokongolera kubanki pulani yovomerezekayo adzaifuna. Kenako pezani wodziwa kuwerengera zipangizo akulembereni zonse, kuyambira simenti mpaka misomali, gawo ndi gawo. Pa chiwerengero chakecho onjezerani kenakake, chifukwa mitengo siidikira munthu.

Madzi abwere poyamba, pakuti kumanga ndi madzi ogula m'zigubu kumadula. Ku ESCOM nako kalembetseni msanga, musadikire kuti nyumba ithe. Kanyumba kalikonse kakhale ndi mita yakeyake ya magetsi, ndipo ngati mungathe, ya madzinso. Mikangano yambiri ya pa mdadada imayambira pa mayunitsi: uyu ali ndi hotipuleti, uyo ali ndi babu limodzi, koma akusonkha mofanana. Ganiziraninso thanki. Madzi ambiri a mumzinda uno amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire n'kuchita kupopedwa kukwera mtunda wautali, ndiye magetsi akavuta kapena paipi ikaphulika madera okwera ndi amene amayamba kuuma. Nyumba ya thanki siikhalitsa yopanda munthu.

Mmisiri musamulembe chifukwa mumapemphera naye. Kaoneni nyumba ziwiri zimene anamanga, mulankhule ndi eni ake. Mugwirizane mtengo wa gawo lililonse, maziko, makoma, denga, pulasitala, mulembe papepala, ndipo muzilipira gawo likatha. Mukamupatsa ndalama zambiri patsogolo, mudzamupeza ali pa ntchito ina ku Chileka foni itazimitsidwa. Zipangizo gulani nokha. Malata, zitsulo ndi mafelemu mutha kugula ndalama ikapezeka n'kusunga, koma simenti amauma akakhalitsa, makamaka m'nyumba ya chinyezi, ndiye muguleni ntchito yake ikayandikira. Malata a geji 28 ndi okhuthala kuposa a geji 32. Opyapyalawo amakoma pogula, koma mudzakwera padenga posachedwa.

Tsiku lothira konkire ya maziko, ya silabu ndi ya lintala mukhalepo, kapena pakhale munthu amene mumamukhulupirira ndi mtima wonse. Madzulo werengani matumba opanda kanthu, muwang'ambe kuti asadzawerengedwenso mawa. Mukagula mabuloko, tengani limodzi mulikande ndi chala: likamayoyoka mchenga, simenti anachepa. Likwezeni kufika m'chiuno n'kulisiya ligwe pansi, labwino silinyenyeka. Kuyambira mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo omanga ambiri mumzinda anasamukira ku mabuloko a simenti, moti oumba achuluka, abwino ndi achinyengo omwe. Konkire ndi pulasitala zimafuna kuthiriridwa madzi kwa sabata kuti zilimbe. Pansi pa silabu payalidwe pulasitiki yotchinga chinyezi, m'maziko muthiridwe mankhwala a chiswe, matabwa a denga apakidwenso. Zimenezi siziwoneka nyumba ikatha, n'chifukwa chake mmisiri wofulumira amazidumpha.

Ndipo malizani kanyumba kamodzi mpaka kiyi musanakumbe maziko a kachiwiri. Mtima umafuna kuthira maziko a tonse tinayi nthawi imodzi kuti anthu aone kuti pakuchitika zinthu. Maziko anayi salipira kalikonse, pamene kanyumba kamodzi kotha kamabweretsa ndalama yogulira mabuloko a kotsatira, ndipo wa lendiyo amakhalanso mlonda wa zipangizo zanu. Musakongoletse mopitirira. Matailosi odula ndi siling'i yamakono sizikweza lendi ku Bangwe. Chimene wa lendi amayang'ana ndi madzi, chitetezo, denga losadontha, ndi zitseko zolimba.

Kulowetsa anthu

Musanapereke kiyi, dziwani kumene munthuyo amagwira ntchito kapena geni imene amachita, ndipo ngati mungathe lankhulani ndi landilodi amene akuchokako. Lembani mgwirizano ngakhale wa tsamba limodzi: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, dipoziti, amene azikonza zowonongeka zing'onozing'ono, chiwerengero cha anthu okhalamo, notisi ya mbali zonse ziwiri, ndi nthawi imene lendi ingakwere. Jambulani zithunzi za chipinda chilichonse tsiku lolowa. Ambiri mu Blantyre amafuna miyezi itatu patsogolo. N'zabwino, koma kumbukirani kuti mukadya yonse lero, miyezi iwiri ikubwerayo mulibe kanthu.

Ndalama izidutsa kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kuti pazikhala umboni. Za achibale ndinene mosabisa: m'bale akalowa m'nyumba yanu ya lendi, mwezi wachitatu nkhani imasanduka ya pamtundu, ndipo amalume amakuitanani kudzakufunsani ngati ndalama yaposa magazi. Ngati mukufuna kumuthandiza, muthandizeni kulipira lendi kwina.

Wina akasiya kulipira, lankhulani naye msanga, mwezi woyamba womwewo, ngongole isanakule kufika poti sangaithe. Zikakanika, mupatseni notisi yolemba monga mwa mgwirizano, ndipo akakana kutuluka pitani kukhoti. Zochotsa chitseko, kusasula malata kapena kutulutsa katundu wa munthu panja zimatha kukusandutsani inuyo wolakwa.

Ndalama ya lendi ili ndi msonkho wake ku MRA, ndipo ngati wobwereka nyumbayo ndi kampani kapena bungwe, amaduliratu msonkho wotchedwa withholding tax asanakulipireni; muzitenga chikalata chake. Ma city rates ndi ground rent muzilipira chaka chilichonse osadikira kalata. Inshuwalansi ya moto ndi yofunika, makamaka pa mdadada pamene mbaula zimayaka khomo lililonse. Tsegulani akaunti yapadera ya nyumbayo, ndipo lendi ya mwezi umodzi pachaka izitsala momwemo kudikira tsiku limene gizala kapena paipi idzaphulike.

Mapepala onse, title deed kapena lizi, mgwirizano wogulira, pulani yovomerezeka, mapu a saveya ndi malisiti, akhale m'failo imodzi, mafotokope ake asungidwe kwina, ndipo mnzanu wa pabanja adziwe pamene ali. Lembani wilo yotchula nyumbayo ndi amene adzaitenge. Ngati mukumanga awiri, mayina onse awiri alembedwe pa mapepala kuyambira pogula, chifukwa kudzawonjezera dzina pambuyo pake kumafunanso loya, chilolezo ndi ndalama zina.